Phunziro 14: Tiyeserere Moto Usanabuke

Moto ukabuka, palibe nthawi yokhala pansi kukambirana. Wotsogolera ayenera kulamula msanga, ndipo ayenera kulamula zoyenera. Nzeru imeneyi sibwera yokha. Imaphunziridwa.

Pa 17 Novembala 2016, galimoto yonyamula petulo inaphulika ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, loyandikana ndi Tsangano. Anthu anali atakhamukirako ndi zigubu. Oposa 70 anafa. Ambiri anapsa. Pamalo otere pamafunika munthu wodziwa kulamula kuti, "Tiyeni tichoke pano!"

Akuluakulu a ozimitsa moto amaphunzira kulamula mwa kuyeserera ngozi. Bungwe la boma loona za ngozi, la INGD, limaphunzitsanso makomiti a m'midzi mwa njira yomweyi.

Njira ina yoyeserera ndi iyi. Mphunzitsi amajambula mudzi pamchenga. Miyala ndi nyumba. Zitsononkho ndi nkhokwe. Phulusa ndi moto. Ndipo amafunsa wophunzira mmodzi: "Moto wayamba kudambo. Muchita chiyani?" Iye akayankha, mphunzitsi amasintha zinthu: "Mphepo yatembenuka. Mwana mmodzi sakuoneka." Wophunzira alamulanso. Pomaliza onse amakambirana zimene zayenda bwino ndi zimene zalakwika. Wolakwitsa pamchenga sapsa.

Wotsogolera amadzifunsa mafunso atatu.

Loyamba: anthu ali kuti? Tiwerenge ana, okalamba ndi odwala. Katundu pambuyo.

Lachiwiri: chikuyaka n'chiyani? Udzu timazimitsa ndi madzi ndi nthambi zaziwisi. Petulo sitithira madzi, chifukwa amayandama ndipo moto umafalikira. Ukakhala wochepa, tithire mchenga. Ukakhala waukulu, tithawe kutali.

Lachitatu: mphepo ikulowera kuti? Moto umathamangira kumene kukupita mphepo. Umathamanganso pokwera phiri. Kuno kwathu n'kumapiri. Tisathawire kumtunda moto uli kumunsi kwathu.

Mzinda wa Tete uli kutali ndi Tsangano, uli kutali ndi Furancungo. Moto wa m'tchire ukabuka m'chilimwe, oyamba kufika ndi ife. Nkhokwe za chimanga ndi zigafa za fodya zili m'manja mwathu. Anzathu, tisankhe wotsogolera m'mudzi uliwonse. Tiyeserere udzu usanaume.

Mafunso

1. Tchulani mafunso atatu a wotsogolera.
2. Chifukwa chiyani sitithira madzi pamoto wa petulo?
3. Jambulani mudzi wanu pamchenga. Moto ukachokera kum'mawa, ana athawire kuti?

Lembani: moto, mphepo, mchenga, lamula.