Azakhali Ayankha: Mbale Imodzi ya Tchipisi, Maso Onse Pakhoma

Azakhali,

Ndine mtsikana wa chaka chachiwiri pa Mzuni. Ndili pa chibwenzi ndi mnyamata wa chaka chachitatu, wooneka bwino ndithu, wopemphera, ndipo mowa salawa. Vuto lake ndi mpira. Akati lero tipite kokadya, ine ndimasamba, kudziphoda, kuvala diresi yanga ya pa Sabata, koma kumene timakathera ndi pa malo ena odyera ku Luwinga pomwe pali TV yaikulu pakhoma. Amaitanitsa mbale imodzi ya tchipisi cha mazira ndi mafoloko awiri, kenako basi, munthu watayika. Ndikamuyankhula amangoti "eya, eya" osacheuka. Tsiku lina ndinamuuza kuti mayi anga adwala ku Ekwendeni, iye n'kuyankha kuti "ofusaidi imeneyo!" Amachemerera Manchester United, ndiye masiku ambiri timabwerera tili duu ngati tikuchokera kumaliro. Posachedwapa ndaonanso kuti foni siikuchoka m'manja mwake, akuti akutsatira tikiti. Ndimusiye?

Wosokonezeka, Luwinga

Mwana wanga,

Pepa chifukwa cha mayi ako, ndipo pepanso chifukwa cha Manchester United. Pa odwala awiriwa, amene madokotala a ku Ekwendeni angawathandize ndi mayi ako. Winayo anayamba kudwala nkhalamba ija Alex Ferguson itapuma ntchito mu 2013, ndipo mu 2025 anathera pa nambala 15 mu ligi, n'kukagonjanso kwa Tottenham pa fainolo ya Europa ku Bilbao. Mnyamata amene waona zonsezo koma jezi osaitaya ali ndi mtima wopirira. Usafulumire kumuponya kudzala. Amuna osathawa zinthu zikathina si ambiri m'tauni muno.

Tsono tiye tikambe za malo akukutengerakowo, chifukwa ndikuona kuti wanyozako. Umayembekezera chiyani, mwana wa achimwene? Tebulo la nsalu yoyera, kapu ya khofi wa Mzuzu, ndi munthu wovala tayi akukufunsa ngati chambo achite chokazinga kapena chootcha? Chibwenzi chako ndi mwana wasukulu. Chiyambireni Mzuni kulandira ophunzira mu 1999, Luwinga yadzaza ndi anyamata ndi atsikana ochita lendi tizipinda m'makomo mwa anthu, ndipo m'kachipinda kotero mumapezeka matiresi, mbaula, ndowa ndi mabuku. Dikoda mulibe. Ngakhale ikanakhalamo, angailipire ndani? Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chaka chomwecho DStv inafika polengeza kuti ikuchoka m'Malawi itakangana ndi MACRA pa nkhani ya mitengo, isanabwererenso. Mpira wa ku England unasanduka chinthu choonera pagulu. Mwini malo amalipira dikoda ndi mafuta a jenereta, ana asukulu amagula tchipisi, aliyense wapeza chake. Pabalaza pa mnyamata wakoyo ndi pamenepo, alibe pena. Wakulowetsa m'nyumba mwake iwe osadziwa.

Ndiye usasiye kupitako. Koma kuyambira Loweruka likubwerali, iye aziona TV, iwe uziona iye. Azakhali ako akale ankatuma anthu kumudzi kwa mnyamata kukafufuza khalidwe lake miyezi yathunthu. Iwe uli ndi mwayi, pakuti mphindi 90 zikuuza zonse ulele.

Yamba ndi mbale. Tchipisi chikatsika pachiwaya chili fuka, dzira litachimanga pamodzi, pambali pali kabichi ndi tomato, taona mmene foloko yake ikuyendera. Alipo mwamuna amene maso ali pakhoma koma dzanja likukankhira kwa iwe mbali yopsa bwino ija, ya m'mphepete yokhukhuta. Aliponso wina amene amatembenuza mbale pang'onopang'ono mpaka dzira lonse lili kwa iye, iwe watsala ndi kabichi ndi mafuta. Tsabola amathira mbale yonse osakufunsa, kapena amathira kwake kokha? Kachidutswa komaliza amatola ndani? Usaseke. Ndalama ya pakhomo adzaigawa chimodzimodzi.

Umvetserenso mmene amaitanira mtsikana wogwira ntchito pamalopo. Ngati ndi "achemwali, tithandizeni madzi", uli pabwino. Ngati ndi "iwe, pssst", uku akuwomba chala, dziwa kuti wamva dzina limene udzaitanidwe nalo chikondi chikadzazirala. Magetsi akathima mpira uli mkati, mnyamata wa jenereta akulimbana ndi chingwe kuseri, ena amayatsa tochi ya foni kukamuunikira, ena amatukwana kuyambira mwini malo mpaka agogo ake. Wako ali mbali iti?

Chachikulu ndi mmene amaluzira, ndipo apa timu yake yakuchitira chifundo, chifukwa mayeso amenewa azilemba pafupipafupi. Kukhala duu si mlandu. Mwamuna amene anzake a Liverpool ndi Arsenal akumuvinira pamphuno, iye n'kungoseka chamumtima, kulipira bilu, n'kunyamula chikwama chako, ameneyo ngakhale asayankhule mpaka pageti, musiye alire maliro ake. Koma amene amamenya tebulo, kuswa botolo, kapena kukukalipira iwe ngati ndiwe unaphonya penate, usadikire kuti ndikuuze kawiri.

Palinso nkhani ya nthawi. Kuyambira kumapeto kwa October mpaka kumapeto kwa March, azungu akabweza mawotchi awo, masewero aakulu a Champions League amayamba 10 koloko usiku kuno kwathu, n'kutha cha pakati pa usiku. Mzuzu umaudziwa, mvula yake siipempha chilolezo ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Pa ola limenelo a njinga za sakramento ambiri apita kukagona. Kodi amakuperekeza mpaka pakhomo, kudikira kuti utseke chitseko? Jekete lija amavula n'kukufunditsa? Kapena amakusiya pamsewu wa M1 n'kubwerera kukatsutsana ndi anzake za refa? Ndipo ngati m'mawa mwake uli ndi mayeso, usapite n'komwe. Real Madrid ili ndi zikho 15 za mpikisano umenewo, siikusowa thandizo lako. Digiri yako ndiyo ikulisowa.

Nawenso ndikudzudzule pang'ono, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani ya matenda a mayi siinenedwa timu ikumenya kona. Anthu anaika mphindi 15 zopumulira pakati pa masewero, ndipo zimenezo ndi zako. Mugwire dzanja, mutulukire panja pomwe pali bambo wootcha kanyenya, umuyang'ane m'maso, unene. Akapanda kumva pamenepo, ndiye kuti vuto si mpira.

Ine ndemwe sindinganame kuti kachilombo kameneka sindikadziwa. Pa 25 January 2022, Flames ikusewera ndi Morocco ku Cameroon, namondwe Ana anali atangowononga Kapichira ndipo magetsi anali osadalirika m'dziko muno. Aliyense wokhala ndi jenereta anasanduka mfumu usiku umenewo. Gabadinho Mhango, mwana wa ku Chiweta konkuno kumpoto, ataona goloboyi wasuntha, anaponya chimpira kuchokera kutali mpira utangoyamba kumene, ndipo chinakagwera mu ukonde. Pomwe ndinali ine mbale zinauluka, mabenchi anagwa, ndipo azakhali akowa anapezeka atakumbatira mnyamata wosamudziwa, mpango uli pansi. Morocco inabweza ziwiri, En-Nesyri ndi Hakimi, tinatuluka. Koma phokoso la chigoli chija sungalimve uli wekha m'chipinda ndi foni. Chimene mnyamata wako amakafuna pamalo paja ndi chimenecho, ndipo si tchimo.

Usaganizenso kuti mpira ndi munda wa amuna, iwe n'kumangokhala mlonda wa mbale. Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi ana a ku Rumphi. Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Scorchers, timu yathu ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1. Tsiku lina akadzayamba kukufotokozera ofusaidi ndi mawu a mphunzitsi, umufunse kuti womenya kutsogolo wa timu yake wagoletsa zingati poyerekeza ndi Temwa. Ukatero umuuze kuti Lamulungu lotsatira wosankha kopita ndiwe, ndipo umutengere pa Mzuzu Stadium kukaona Moyale Barracks masana dzuwa likuwala, nzimbe ndi mtedza zili m'manja. Kumeneko kulibe kubwereza chigoli pa sikirini, ndiye akaphethira adzafunsa iwe kuti wagoletsa ndani.

Tsopano ndisiye nthabwala, chifukwa mawu amene andiopsa m'kalata yako ndi amodzi okha: tikiti. TV ya pakhoma idya madzulo ako a Loweruka, koma ya m'manjayo idya lendi, ufa, ndi ndalama za loni zimene boma lidzazifuna akadzamaliza sukulu. Kubetcha kumene anyamata amakonda ndi kosonkhanitsa masewero ambiri pa tikiti imodzi ndi kandalama kochepa, n'cholinga choti akapate zambiri. Koma onse ayenera kutuluka mmene walosera. Ngakhale titati masewero aliwonse ali theka ndi theka, kulondola khumi onse ndi mwayi umodzi pa 1,024. N'chifukwa chake nyimbo yawo ndi imodzimodzi sabata iliyonse: "timu imodzi yokha ndiyo yandiphera." Siinamuphere timu, ndi mmene malondawo anawapangira, ndipo eni ake sanatsegule kuti azigawa ndalama kwa ana asukulu.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Munthu wa United ayamba kupempherera kuti Manchester City igoletse. Ayamba kudandaula za timu ya ku Turkey kapena ku Norway imene sangaloze n'komwe pamapu. Mbale ya tchipisi cha mazira isanduka tchipisi chopanda dzira, kenako Fanta mmodzi ndi mapaipi awiri. Kenako laputopu "ili kwa mnzanga". Umufunse mosazungulira kuti mwezi uno waika zingati ndipo wapata zingati, akuonetse m'foni momwemo, pakuti zonse zimalembedwa. Akakuonetsa n'kuchita manyazi, pali poyambira. Akakwiya, kapena akadzakupempha kuti umubwereke chifukwa lero ali ndi tikiti ya shuwa, tseka chikwama, imirira, uitane njinga. Ndalama imene mayi ako akutumiza kuchokera ku Ekwendeni si yodzalipirira zolakwa za goloboyi wa ku Istanbul.

Azakhali

Azakhali,

Ndili ndi malo odyera ku Chibavi ndipo ndimaonetsa mpira. Ana asukulu amabwera asanu, kugula botolo limodzi, kukhala masewero awiri, uku akutchaja mafoni onse pa soketi yanga. Mafoloko akusowanso. Ndiwathamangitse?

Wotopa, Chibavi

Achimwene,

Mukawathamangitsa mudzaonera mpirawo ndi mkazi wanu awiriwiri, ndipo iye amafuna filimu ya ku Nigeria. Anawo ndi amene amadzaza malo, ndipo munthu wa ndalama salowa pomwe pali zii. Ena mwa iwo ndi aphunzitsi ndi anamwino a mawa, adzabwera ndi malipiro kudzadya nsima ya batala pa benchi lomwelo. Chitani izi: mipando ya kutsogolo ikhale ya ogula chakudya, mabenchi a kumbuyo a olipira kandalama ka pakhomo, ndipo soketi ikhale ndi mtengo wake wolembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu. Muikenso kambale kotchipa ka tsiku la mpira, mbatata yokazinga kapena zitumbuwa, koti mwana wasukulu agule osachita manyazi, ndipo chiwaya chikhale chitatentha kale nthawi yopumulira isanakwane, osati muyambe kusenda mbatata refa ataimba. Za mafolokozo, muzitolera mbale isanafike mphindi ya 80, chifukwa timu ikamaluza anthu ake amatuluka mothamanga ndi chilichonse chimene chili m'manja.

Azakhali