Changu chinapha khadi la Voodoo2

Kampani ya 3dfx Interactive ya ku San Jose, California, inatulutsa Voodoo2 kumayambiriro kwa 1998, ndipo kwa osewera magemu a pakompyuta a nthawi imeneyo panalibe chokhumbika choposa kukhala ndi makhadi awiri oterewa m'bokosi limodzi. Khadi limodzi la 12 MB linkagulidwa pafupifupi madola 300 a ku America. Awiri ndiye kuti madola 600, osawerengera khadi lachitatu loonetsa zithunzi wamba za Windows, poti Voodoo2 inkangodziwa zithunzi za 3D basi. Achinyamata ambiri ankangowaona m'magazini n'kumameza malovu. Lero achinyamata aja ndi azibambo olandira malipiro, ndipo ena akusakasaka makhadiwa kuti amange kompyuta imene anailakalaka ali ana. Nkhani ino ndi ya mmodzi wa iwo, munthu wodziwa bwino makompyuta a masiku ano, amene anawononga ndi manja ake chinthu chimene sichidzapangidwanso.

Kuti mumvetse pamene panalakwika, muyambe mwadziwa momwe makhadiwa amagwirira ntchito limodzi. Njirayi a 3dfx anaitcha SLI, kufupikitsa mawu akuti Scan-Line Interleave. Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi mizere yopingasa, ndipo makhadi awiriwo amagawana mizereyo monga anthu awiri opalira munda umodzi, wina mzere uwu, wina wotsatira, mpaka kumapeto. Khadi limodzi palokha linkafika pa 800x600 m'magemu ambiri, koma awiri ankakwanitsa 1024x768, zimene mu 1998 zinali zodabwitsa mu Quake II ndi mu Unreal. Amalumikizidwa mkati mwa bokosi ndi kalamba kakafupi ka mawaya 34. Kunja kuli chingwe china cha VGA chochokera pa khadi la zithunzi wamba kulowa mu Voodoo2, ndipo monita imalumikizidwa pa Voodoo2 yomweyo. Khadi lililonse lili ndi matchipi atatu akuluakulu othamanga pa 90 MHz: imodzi yojambula, ziwiri zovekera zinthu maonekedwe a khoma, nsalu, madzi ndi zina. Makhadi ambiri ankatuluka m'fakitale matchipiwa ali pamtunda, opanda heatsink (chitsulo chochotsa kutentha), opanda fani.

Bambo wathuyu anagula makhadi ake kwa anthu awiri osiyana pa intaneti, onse a 12 MB koma a makampani osiyana. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa 3dfx inkagulitsa matchipi kwa ena monga Creative, Diamond, STB, Orchid ndi Canopus, ndipo aliyense ankapanga khadi lake. Anali atakonzeratu motherboard ya Intel 440BX, pulosesa ya Pentium III ndi Windows 98. Tsiku limene khadi lachiwiri linafika, mtima unali dyokodyoko. Anawabaya onse awiri nthawi imodzi m'masiloti a PCI oyandikana, n'kutseka bokosi.

Apa ndi pamene anasocherera, ngakhale kuti palibe chinapsa tsiku limenelo. Makhadi a zaka zoposa 25, amene agona m'makatoni ndi kudutsa m'manja mwa anthu osawadziwa, sayenera kukhulupiriridwa asanayesedwe lililonse palokha. Mukaika onse pamodzi, vuto likabuka limakhala ndi pobisala pambiri: khadi loyamba, khadi lachiwiri, kalamba kaja, chingwe cha VGA, siloti, madiraiva, magetsi. Pali pulogalamu yaing'ono ya 3dfx yotchedwa Mojo imene imaonetsa matchipi ndi memory zimene khadi lili nazo. Akanaiyendetsa pa khadi limodzilimodzi, n'kusewera kwa ola lathunthu pa lililonse, akanadziwa usiku womwewo kuti lodwala ndi liti.

Zovuta zoyamba zinali zazing'ono ndipo anazithetsa msanga. Kalamba ka SLI analibe, choncho anayesa ka floppy poona kuti mabowo ake ndi 34 omwewo. Sikanagwire ntchito, chifukwa mawaya ena apakati amasinthanitsidwa mosiyana. Anaitanitsa koyenera. Kenako madiraiva akale anakana kuzindikira makhadi a makampani osiyana ngati gulu limodzi, ndiye anaika FastVoodoo2, madiraiva amene okonda makhadiwa anakonza kuti athetse vuto lomwelo. Chizindikiro cha 3dfx chinazungulira pa sikirini, Unreal inatseguka pa 1024x768, bambo uja chimwemwe chodzaza tsaya.

Atasewera kwa kanthawi, makoma a mu gemu anayamba kuchita mawangamawanga. Timadontho tamitundumitundu tinkathwanima, kenako kompyuta inangouma gwa. Akaizimitsa n'kudikira pang'ono, zonse zinkabwerera mwakale, koma posakhalitsa mawanga aja n'kubweranso.

Kompyuta inali ikumuuza zinthu ziwiri momveka bwino. Choyamba, vuto lobwera makina akatentha n'kuchoka akazizira si la madiraiva. Diraiva yolakwika imalakwa kuyambira mphindi yoyamba. Chachiwiri, akanasendera pafupi ndi sikirini akanaona kuti mawangawo sanali pa mizere yonse: mzere wina unali bwinobwino, wotsatira wowonongeka, wina bwinobwino. Mu SLI ya 3dfx, chizindikiro chotere chimaloza khadi limodzi kapena kalamba kolumikiza. Ndimaona kuti apa njira yakaleyi inali yokoma mtima kwa wokonza, chifukwa chithunzi chenichenicho chimakuuzani poyambira kufufuza.

Iye sanamve. Anazolowera makompyuta a lero, amene vuto la zithunzi nthawi zambiri limathera pa madiraiva, ndiponso amene tchipi ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro. Voodoo2 ilibe nzeru imeneyo. Imagwira ntchito pa liwiro lomwelo ngakhale itatentha chotani. Tsono iye anasintha madiraiva kangapo, anaikanso Windows, ndipo nthawi iliyonse ankayesa posiya timedemo (chionetsero chodzisewera chokha) ya Quake II ikuzungulira bokosi lili chitsekere. Anali kuwotcha khadi lodwala mobwerezabwereza pofuna kuona ngati lachira.

Taganizirani momwe munalili mkati mwa bokosilo. M'bokosi loimirira la ATX, makhadi a PCI amagona matchipi atayang'ana pansi. Makhadi awiri akayandikana, matchipi a khadi la pamwamba amayang'anizana ndi msana wa la pansi, pakati pali mpata wosakwana zala ziwiri, ndipo mpweya wotentha umangodikha pamenepo. Mabokosi ambiri a m'ma 1990 analibe fani ina kupatula ya mu power supply ndi ya pa pulosesa. Onjezani kuti Pentium III yothamanga imapatsa makhadiwa ntchito yambiri kuposa Pentium II ya 1998, moti sapuma. Onjezaninso fumbi, ndi chipinda cha m'nyengo yotentha. Mankhwala ake anali otsika mtengo kwambiri: fani ya 80 mm kapena 120 mm youzira m'mbali mwa makhadi onse awiri, ndi kusiya siloti imodzi pakati ngati kalamba kakufika.

Pamapeto pake anagwira tchipi ndi chala, n'kuchichotsa msangamsanga. Anazindikira kuti ndi kutentha, koma changu chomwe chija chinamutsogoleranso. Anatenga ma heatsink olemera a pa makhadi ena akale, anawapaka guluu wa epoxy, n'kuwakanikiza mwamphamvu pa matchipi onse asanu ndi limodzi. Poganiza kuti tsopano zonse zili bwino, anakweza liwiro kuchoka pa 90 kufika pa 100 MHz.

Matchipi a Voodoo2 ndi apulasitiki, ndipo iliyonse imagwira pa khadi ndi timiyendo toposa 200, tochepa ngati tsitsi lokhuthala, tondandana mbali zonse zinayi. Vuto lodziwika kwambiri la makhadiwa ndi lakuti timiyendoti timamasuka powotcherera pake, chifukwa cha ukalamba, kupindika kwa khadi, ndi kutentha n'kuzizira kwa zaka zambiri. Kamwendo komasuka kamakhudza bwino khadi likazizira, n'kutayana likatentha. Tsopano pa timiyendo totere panalendewera chitsulo cholemera, chokokera pansi usana ndi usiku. Mawanga anayamba kuoneka gemu ikangotseguka. Poganiza kuti heatsink imodzi sinakhale bwino, analowetsa sikuludiraiva pansi pake kuti aikanganule. Epoxy sachoka choncho. Heatsink inanyamuka limodzi ndi ngodya ya tchipi.

Khadilo anapita nalo kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi ma TV, wa maso ozolowera zinthu zing'onozing'ono. Mkuluyo analiika pansi pa galasi lokuza, n'kumayendetsa kamtengo kotokosera m'mano pa timiyendo pang'onopang'ono. Ku mbali imene sinakhudzidwe anapeza timiyendo tingapo tikugwedera, zooneka kuti tinamasuka kalekale.

"Achimwene, mukanabwera nalo lisanafike apa, iyi inali ntchito ya madzulo amodzi," anatero mkuluyo. "Kungodutsitsapo chowotcherera basi. Koma taonani kuno. Mwazula ndi tinjira ta mkuwa tomwe."

"Ndiye palibe chimene mungachite, bambo?"

"Ndiyesa, koma musayembekezere zambiri."

Anayesadi, analumikiza tinjira tina ndi timawaya, koma pangodya pa tchipi panali patang'aluka. Khadi lija silinadzukenso.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi si ndalama zokha, ngakhale kuti makhadiwa akwera mtengo. Kumapeto kwa 2000 katundu wa 3dfx anagulidwa ndi Nvidia, ndipo kampaniyo inatheratu mu 2002. Nvidia inadzagwiritsanso dzina la SLI mu 2004, koma pa njira ina yosiyana ndi ija ya kugawana mizere. Palibe fakitale imene ikupanganso matchipi a Voodoo2. Amene amakonza makhadiwa lero amachotsa tchipi pa khadi lakufa kuti apulumutse lina. Choncho khadi lililonse lofa ndi sikuludiraiva limachepetsa chiwerengero cha otsala padziko lonse, ndipo awa ndi makina amene anaonetsa anthu ambiri koyamba kuti gemu ya 3D ikhoza kuyenda mosalala pa kompyuta ya kunyumba. Amene ali nalo akusungira ndi ena omwe.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekha kwake n'kusintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kulemba chimene chachitika. Khadi loyamba lokha, kenako lachiwiri lokha mu siloti yomweyo, kenako onse awiri, fani ikuuzira kuyambira pachiyambi. Musanagwire khadi, zulani pulagi kukhoma, chifukwa motherboard ya ATX imakhalabe ndi magetsi pang'ono ngakhale kompyuta itazimitsidwa. Yang'ananinso power supply. Makina a nthawi imeneyo amadalira kwambiri magetsi a 5V, ndipo power supply yokalamba kapena ma capacitor otupa pa motherboard angabweretse zizindikiro zofanana ndi za khadi lodwala. Ngati mukufunabe ma heatsink, akhale ang'onoang'ono ndi opepuka, omatidwa ndi tepi yopangidwira ntchitoyo, imene imachoka popanda nkhondo. Za kukweza liwiro ndingoti zisiyeni. Phindu la 10 MHz pa khadi la 1998 simudzaliona ndi maso, koma memory yokalamba idzalimva.

Palinso njira ina kwa amene akungofuna kusewera. Mapulogalamu a nGlide ndi dgVoodoo amayendetsa magemu opangidwira makhadi a 3dfx pa makompyuta a lero, ndipo PCem ndi 86Box amatsanzira Voodoo2 yeniyeniyo. Pamenepo mukhoza kuyesa chilichonse, kukweza liwiro, kusintha madiraiva usiku wonse, popanda chowonongeka.

Bambo uja akusewerabe Unreal pa khadi limodzi lotsalalo, pa 800x600, ma heatsink olemera aja akadali chimatire chifukwa akuopa kuwakhudza. Inu amene muli ndi makhadi oterewa, tsiku limene mudzaone mawanga pa sikirini, zimitsani kompyuta nthawi yomweyo. Musaiyatsenso kuti muone ngati abweranso. Tulutsani khadilo, likulungeni bwino, mupite nalo kwa munthu wodziwa kuwotcherera timiyendo ta matchipi.