Mabungwe othandiza amayi ndi ana: mafunso ndi mayankho

Kodi bungwe likagwirizana ndi boma pa zaumoyo, wina amachita chiyani, wina chiyani?

Kawirikawiri boma limapereka malo, chilolezo ndi ena mwa ogwira ntchito, pamene bungwe limabwera ndi ndalama, zipangizo ndi akatswiri. Pa Gulupu ku Blantyre pali Mercy James Centre, komwe ana amachitidwa maopaleshoni akuluakulu. Anaitsegula mu 2017 ndi thandizo la Raising Malawi, bungwe la woimba wa ku America, Madonna. Nyumbayo ili mkati mwa mpanda wa chipatala cha boma, ndipo madokotala ndi anamwino a Chimalawi amaphunzirira ntchito momwemo. Mgwirizano wotere ndi umene ine ndimaukhulupirira.

Amalipiritsa?

M'zipatala za boma, ayi. Ku mishoni, komwe zipatala zake zili pansi pa CHAM, anthu amalipira, koma zambiri mwa izo zili ndi pangano ndi boma loti mayi woyembekezera athandizidwe ulere, boma n'kubweza ndalamazo pambuyo pake. Funsani kusikelo ngati chipatala cha kwanuko chili m'panganoli.

Timamva za fistula pawailesi. Ndi matenda anji, ndipo akuthandiza ndani?

Mayi woyembekezera akakhala nthawi yaitali, mwina masiku awiri kapena atatu, matenda atayamba koma mwana osatuluka, mutu wa mwanayo umapanikiza minofu ya m'kati mpaka magazi kusiya kufikako. Minofuyo imafa, n'kusiya bowo pakati pa njira ya mwana ndi chikhodzodzo, nthawi zina ndi matumbo omwe. Mkodzo umangotuluka usana ndi usiku. Nthawi zambiri mwana amakhala wapita padera, ndiye mayi abwerera kumudzi manja ali m'khosi, zitenje zili zonyowa. Anzake amutalikira kuchitsime, kutchalitchi asiya kupita, ena banja limathera pomwepo. Atsikana otenga pakati thupi lisanakhwime ndi amayi okhala kutali ndi chipatala ndi amene amagwidwa kwambiri.

Si ufiti, si chilango cha chigololo ngati momwe ena amanenera. Ndi bala, ndipo ambiri amachira ndi opaleshoni. Pa Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera osamalira amayi otere, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la Freedom from Fistula, lomwe anayambitsa Ann Gloag wa ku Scotland, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Salipiritsa. Bungwe la UNFPA nalo lakhala likulimbana ndi vutoli m'maiko ambiri kuyambira 2003, ndipo pa 23 May chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira amayiwa.

Nanga chiponde cha ana onyentchera chinabwera bwanji?

Maganizo ake anachokera kunja, koma kafukufuku wosonyeza kuti mwana angachire nacho ali pakhomo anachitika kwambiri kuno, motsogozedwa ndi Dr. Mark Manary wa Project Peanut Butter. Amachipanga ndi mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini. Ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chodyera banja lonse, komanso sichogulitsa pamsika.

Ndalama za bungwe zikatha, ntchito nayo imatha?

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lopita kunja, ndipo kuno ena ogwira ntchito zaumoyo amene malipiro awo ankachokera kumeneko anangouzidwa kuti akhale kunyumba. Pamene ndalama zopitirira theka zoyendetsera zaumoyo m'dziko muno zimachokera kwa abwenzi akunja, wa kutali akatseka thumba, amene amamva kuwawa ndi mayi wa kuchidikiro.

Koma si zonse zimafa. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, choyamba ngati njira yolangizira amayi apakati ndi olera ana pafoni. Chinafalikira dziko lonse, kenako chinaperekedwa m'manja mwa Unduna. Bungwe lililonse lizifunsidwa tsiku loyamba lomwe: mukamadzachoka mudzasiyira yani, ndipo mwamuphunzitsa kale?

Kodi zonsezi si udindo wa boma?

Ndi wa boma ndithu. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ifeyo zaka zambiri sitinafikepo. Bungwe likhoza kumanga wodi, koma mafuta a ambulansi ndi malipiro a mzamba chaka ndi chaka ayenera kuchokera ku misonkho yathu. Aphungu athu azifunsidwa za izi.

Ine munthu wamba ndingachitepo chiyani?

Perekani magazi, pakuti kutaya magazi pochira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zikupha amayi ambiri. Abambo, perekezani akazi anu kusikelo ndipo sungani ndalama ya thiransipoti mwezi wake usanafike. Ndipo ngati kwanuko kuli mayi amene wadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mkodzo wosaleka, kaya wakhala choncho zaka zingati, muuzeni kuti thandizo lilipo, mupite naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi kuti amutumize ku Bwaila.