Text editor kapena visual editor: tiyambe ndi iti?

Teremu yathayi aphunzitsi athu a kalabu ya kompyuta anatipatsa ntchito yoti gulu lililonse lipange tsamba limodzi la pa intaneti lonena za mbiri ya kwathu kuno ku Magomero. Anatipatsa masabata awiri okha. Mukudziwa kale mmene zilili: makompyuta ndi ochepa, magetsi amazima nthawi ina iliyonse, ndipo ife oyendera timayenera kunyamuka dzuwa lisanalowe. Tsono pagulu pathu panabuka mkangano. Mnzanga wina ankati tigwiritse ntchito visual editor, ine ndinkati text editor. Zimene ndinaphunzira pa mkanganowo ndi zimene ndikugawana nanu pano.

Poyamba, kodi tsamba la pa intaneti n'chiyani?

Tsamba lililonse limene mumatsegula pa foni ndi fayilo yolembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa HTML. Chinenerochi anachiyambitsa ndi Tim Berners-Lee, wa ku England, pamene ankagwira ntchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Ganizo lake analilemba mu 1989, ndipo pofika mu 1991 anthu akunja anayamba kulitsegula tsamba loyamba. Mu HTML muli timawu tolamula totchedwa ma tag. Mwachitsanzo h1 imanena kuti "apa ndi mutu", p imanena kuti "apa ndi ndime", img imanena kuti "apa pakhale chithunzi". Chrome, Firefox kapena Opera Mini, mapulogalamu amene timawatchula kuti browser, amawerenga ma tag amenewa n'kukuonetsani tsamba looneka bwino, ma tagwo osaonekanso.

Njira ziwiri zolembera

Text editor ndi pulogalamu imene umalembamo mawu okhaokha, ndipo ma tag onse umatayipa wekha. Yosavuta kuipeza ndi Notepad, imene imakhala kale pa kompyuta iliyonse ya Windows. Palinso Notepad++ imene inatuluka mu 2003, ndi Visual Studio Code ya Microsoft imene inatuluka mu 2015. Ziwirizi ndi zaulere ndipo zimapaka ma tag mitundu kuti uziwaona msanga. Musapusitsidwe ndi dzina: Visual Studio Code ndi text editor ngakhale m'dzina lake muli mawu akuti visual.

Visual editor ndi pulogalamu imene imakuonetsa tsamba mmene lidzaonekere ukamaliza. Ukafuna mutu umadina batani, ukafuna chithunzi umangochikoka ndi mausi, ndipo pulogalamuyo imalemba ma tag kuseri iwe osaona. Zitsanzo zake ndi Dreamweaver, imene inayamba mu 1997, komanso WordPress, imene inayamba mu 2003 ndipo mabungwe ambiri amapangirapo masamba awo.

Ine ndimazifanizira chonchi. Visual editor ili ngati kukwera kabaza popita ku Namadzi: umafika msanga, thukuta osatuluka. Text editor ili ngati kupalasa njinga yako: umatopa, koma tcheni ikagwa pa njira umadziwa pogwira.

Zimene zinatichitikira

Popeza sitinagwirizane, aphunzitsi anati, "Palibe vuto, gawikanani pawiri, tidzaone Lachisanu." Nkhani yathu inali imodzi: kuti mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, atatsogoleredwa ndi David Livingstone, anakhazikitsa mishoni ku Magomero, komanso kuti pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anaukira likulu la esiteti ya A. L. Bruce konkuno.

Mnzanga uja anamaliza tsiku loyamba lomwelo. Mitundu ili bwinobwino, chithunzi cha phiri la Chiradzulu chili pamwamba. Ine ndinali ndikulimbanabe ndi ndime yoyamba, ndipo zoona zake ndinachita kansanje. Ndinalemba chonchi:

<h1>Mbiri ya Magomero
<p>Magomero ili m'boma la Chiradzulu.</p>

Nditatsegula mu browser, tsamba lonse linali zilembo zikuluzikulu ngati chikwangwani cha pagolosale. Anzanga anaseka mpaka misozi. Cholakwika chinali kakang'ono: ndinatsegula mutu koma sindinautseke ndi </h1>. Browser siganiza, imangotsatira. Ndinaikapo ka tag kotsekerako, basi zonse zinakhala m'malo.

Vuto lachiwiri linali la Chichewa chathu chomwechi. Ndinalemba dzina la dziko lathu ndi kadenga pa w, kuti Malaŵi. Titalitsegula pa makina ena, linaoneka kuti MalaÅµi. Aphunzitsi anafotokoza kuti kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala, ndiye browser iyenera kuuzidwa ndondomeko yowerengera manambalawo. Mankhwala ake ndi kusunga fayilo ngati UTF-8 ndi kuika mzere uwu kumutu kwa tsamba: <meta charset="utf-8">. Njira ina ndi kutayipa &#373; pamalo pa chilembocho, browser imachisandutsa ŵ.

Lachisanu litafika tinakopera ntchito zathu pa fulashi kuti tikaonetse pa laputopu ya aphunzitsi. Langa linatseguka, losakongola kwenikweni koma lathunthu. La mnzanga uja linatseguka chithunzi palibe, pangokhala kabokosi kopanda kanthu. Anadina apa, nadina apo, osatheka. Aphunzitsi anati, "Talitsegulani mu Notepad." Titatero tinapeza ma tag ambirimbiri amene iye sanalembe, ndipo pa img panalembedwa kuti chithunzi chikatengedwe mu foda ya pa kompyuta ya kusukulu ija, ku C. Pa laputopu fodayo kunalibe. Tinaika chithunzi mu foda imodzi ndi tsamba, n'kufufuta njira yaitali ija kusiya dzina la chithunzi lokha, phiri.jpg. Phiri linabwerera. Amene anapeza mzerewo ndi ine, chifukwa ndinali nditatha sabata yonse ndikuyang'anitsitsa ma tag. Koma ndivomereze kuti mitundu ndi kayalidwe tinatengera kwa mnzangayo. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

Ndiye tisankhe bwanji?

Dzifunseni mafunso anayi awa.

Loyamba: kodi muli ndi netiweki ndi bandulo? Ma visual editor ambiri a masiku ano amagwira ntchito uli pa intaneti, ndiye mphindi iliyonse ikudya ndalama. Notepad sifuna intaneti n'komwe. Umalemba, umasunga fayilo ndi dzina lothera ndi .html, umaitsegula mu browser pompo.

Lachiwiri: kodi magetsi alipo? Ma tag ukhoza kuwalemba m'kope kunyumba madzulo utamaliza kutunga madzi, mawa n'kudzangotayipa mphindi khumi. Kwa ife amene timagawana kompyuta imodzi anthu angapo, zimenezi n'zaphindu kwambiri. Visual editor sungaiyeserere m'kope.

Lachitatu: cholinga chanu n'chiyani? Ngati mukufuna kuika chilengezo cha tchalitchi, cha mzikiti kapena cha bizinesi ya amalume lero lomwe, visual editor ndi yachangu, ndipo palibe chamanyazi kuigwiritsa ntchito. Ndipotu browser yoyamba imene Berners-Lee anapanga mu 1990 inkalolanso munthu kulemba tsamba akuliona. Koma ngati mukufuna kumvetsa mmene zinthu zimayendera, yambani ndi text editor.

Lachinayi: ndani adzatsegule tsambalo? Abale athu ambiri ali ndi timafoni tating'ono ndi bandulo yochepa. Tsamba lolemba pamanja nthawi zambiri limakhala lopepuka, chifukwa mulibe ma tag osafunika. Komabe chimene chimalemeretsa tsamba kwambiri ndi zithunzi zikuluzikulu, ndiye muzizichepetsa kaye, kaya mwasankha njira iti.

Chenjezo limodzi: musatayipe ma tag mu Word. Word ndi yolembera makalata, ndipo imakonda kusintha timizere togwira mawu, towongoka tija, kukhala topindika. Ndi maso zimaoneka ngati zofanana, koma browser siziwerenga mofanana, ndipo chithunzi kapena link sizigwira.

Poyeserera

Amene mungabwereke foni kunyumba, tsegulani Wikipedia ya Chichewa pa ny.wikipedia.org. Wikipedia ili ndi njira zonse ziwiri. Ina imakuonetsani nkhani mmene imaonekera, ina imakuonetsani zizindikiro zake za kuseri. Zizindikirozo si HTML yeniyeni, ndi kalembedwe kake ka Wikipedia, koma mfundo ndi yomweyo. Tsegulani nkhani imodzi m'njira zonse ziwiri mufananize. Ingoonani, musasinthe kanthu musanadziwe chochita, chifukwa zimenezo amawerenga ndi anthu ambiri. Nkhani za m'Chichewa zikadali zochepa kumeneko, ndiye tikaphunzira bwino titha kudzathandizako.

Maganizo anga ndi akuti aliyense ayambe ndi Notepad ngakhale kwa masabata awiri okha, adziwe ma tag asanu: h1, p, img, a ndi ul. Kenako apite ku visual editor ngati akufuna. Tsiku limene china chake chidzasowe pa tsamba, adzadziwa kotsegula ndi choyang'ana, m'malo mongodinadina mabatani.

Nayi ntchito yoti muyese sabata ino. Tengani kope, lembani dzina la mudzi wanu ngati mutu pakati pa <h1> ndi </h1>, kenako ziganizo ziwiri zonena za mudziwo pakati pa <p> ndi </p>. Mubwere nalo ku kalabu Lachitatu tikaweruka, tidzatayipe limodzi. A Fomu 1 musaope, bwerani. Mungokumbukira kutseka mutuwo, mungadzasekedwe ngati ine.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2, wa kalabu ya kompyuta