PHUNZIRO LA CHITUKUKO CHA PABANJA: KUBETCHA, MASAMU AKE NDI KOKAPEZA THANDIZO

Mawu oyamba

Boma la Mzimba limadziwika ndi anthu olimbikira ntchito. Ndalama zolowa m'mabanja mwathu zimachokera ku fodya, chimanga, soya, mtedza ndi ziweto. Zimachokera ku tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere zogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa M1 pa Jenda. Zimachokeranso kwa ana athu okhala ku Joni, amene amadzimana kuti atumize kangachepe kumudzi. Tikamakamba za chitukuko cha mawodi a Khonsolo ya M'mbelwa, tikukamba za ndalama zimenezi, pakuti ndizo zimagula feteleza, kulipira fizi ndi kufolera nyumba ndi malata.

M'zaka zapitazi pabooka chiboo chatsopano chotulukira ndalamazi. Kale juga inali ya makhadi, yochitikira kuseri kwa msika, ndipo wotchova ankabisala. Lero kubetcha kumalengezedwa pa wailesi, kuli ndi mashopu akeake m'malo a malonda, ndipo koposa zonse kwalowa m'foni. Munthu wa ku Luwerezi, ku Embangweni kapena kwa Khosolo safunikanso kukwera galimoto kupita pa Boma. Pokhala ali ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, angathe kubetcha ali gone pamphasa pakati pa usiku. Phunziro lino likufotokoza zimene lamulo likunena, m'mene masamu a kubetcha amayendera, malire amene wobetcha ayenera kudziikira, ndi kumene banja lovutika lingapite.

1. Zimene lamulo likunena

Kubetcha n'kololedwa m'dziko muno, koma kuli ndi malamulo ake. Poyamba panali lamulo la mu 1996 loona za juga ndi la mu 2003 loona za malotale, lililonse ndi bungwe lake. Lamulo la mu 2022 lidaphatikiza mabungwe awiriwo n'kukhazikitsa la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lodziwika mwachidule kuti MAGLA. Bungweli ndilo limapereka ziphaso kwa makampani obetchetsa ndi kulandira madandaulo a anthu.

Mfundo ziwiri aliyense azidziwe. Yoyamba, mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha, ndipo womulola kutero akulakwira lamulo. Wamkulu wotuma mwana kukadula tiketi, kapena womubwereka foni kuti abetchere, akumuphunzitsa njira imene idzamuvute kusiya. Yachiwiri, wobetchetsa aliyense ayenera kukhala ndi chiphaso. Makina oponyamo ndalama oikidwa m'golosale kapena m'malo omwera mowa popanda chiphaso ndi oletsedwa, ndipo wobetcha pamenepo alibe kokadandaula akaberedwa.

2. Masamu a kubetcha

Kampani yobetchetsa siyendera mwayi ayi. Imayendera masamu, ndipo masamuwo ndi osavuta kuwatsata.

Tiyerekeze kuti matimu awiri ofanana mphamvu akukumana pa ndime yomaliza ya chikho, pamene wopambana ayenera kupezeka basi. Kampani yaika 1.90 mbali zonse ziwiri. Munthu mmodzi wabetcha K1,000 pa timu yoyamba, mnzake K1,000 pa timu yachiwiri. Kampani yalandira K2,000. Wopambana apatsidwa K1,900, ndipo K100 yatsala kukampani. Ipambane timu iyi kapena iyo, K5 pa K100 iliyonse yapita. Chulukitsani zimenezi ndi anthu zikwizikwi tsiku ndi tsiku, mudzaona kumene malipiro a antchito, lendi ya mashopu ndi ndalama zotsatsira malonda zimachokera.

Achinyamata ambiri amakonda tiketi ya magemu ambiri, chifukwa ndi K500 yokha pepala limalonjeza mamiliyoni. Apa ndi pamene masamu amaluma kwambiri. Tinene kuti mwasankha magemu 10, ndipo mumaudziwadi mpira, kotero kuti pa gemu iliyonse mumalondola ka 8 pa ka 10. Kuti tiketi ipambane, onse 10 ayenera kulondola pamodzi, ndipo zimenezi zimachitika pafupifupi kamodzi kokha pa matiketi 9. Ngati magemuwo ali a matimu ofanana mphamvu, mwayi umatsika kufika pa kamodzi pa matiketi 1,024. Nayo K5 ya kampani ija imadulidwa pa gemu iliyonse, kotero kuti pa tiketi ya magemu 10, mwa K1,000 iliyonse imene anthu amabetcha, imene imabwerera kwa iwo ndi pafupifupi K600.

Timamva kawirikawiri wina akudandaula kuti, "Gemu imodzi yokha ndiyo yandigwetsa." Mawuwa amapatsa munthu mtima woti mawa zitheka. Koma pa chitsanzo cha katswiri wolondola ka 8 pa ka 10 uja, kuphonya ndi gemu imodzi kumachitika kawiri ndi theka kuposa kupambana. Kuphonya pang'ono si chizindikiro chakuti mwayi wayandikira. Ndi m'mene tiketi yotere imathera nthawi zambiri.

Palinso masewero a m'foni a Aviator, amene ambiri amangowatchula kuti kandege. Opanga masewerowa amanena okha kuti amabweza K97 pa K100 iliyonse. K3 ikuoneka yochepa, koma ulendo umodzi wa kandege umatha m'masekondi owerengeka. Wobetcha K1,000 maulendo 100 usiku umodzi wazunguza K100,000, ndipo mwa masamu amenewa wasiya pafupifupi K3,000. Kandege sikakumbukira za ulendo wapita. Kugwa msanga kasanu sikutanthauza kuti ulendo wachisanu ndi chimodzi kauluka patali. Iwo amene amagulitsa "magemu okonzedwa kale" kapena "nthawi ya kandege" pa WhatsApp ndi Facebook ndi akuba chabe. Akadadziwadi zotsatira, sakadavutika kupempha ndalama zanu.

Phunziro lake ndi ili: kubetcha si bizinesi, si ntchito, ndipo si njira yobwezera ngongole. Ndi chisangalalo cholipira, monga kulipira pakhomo poonera mpira. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

3. Malire a munthu amene wasankha kubetcha

Njira yosataya kalikonse ndiyo kusabetcha. Koma wamkulu amene wasankha kubetcha adziikire malire awa asanagwire foni:

Ikani ndalama yapamwezi imene mungaitaye yonse banja osamva kuwawa. Ikatha, mwezi umenewo kubetcha kwatha.

Ndalama ya feteleza, ya fizi, ya ufa, ya mpamba wa bizinesi, ya gulu, ndi imene wachibale watumiza kuchokera ku Joni kuti imangire nyumba, isakhudzidwe.

Musakongole kuti mubetche, kaya kwa mnzanu, ku banki m'khonde, pafoni, kapena kwa akatapila.

Mukaluza, musathamangire kubweza. Ambiri amene adagulitsa njinga ndi mbuzi adayamba ndi mawu akuti, "Ndingobweza yanga ija basi."

Musabetche mutamwa mowa, mutakwiya, kapena tulo titakusowani.

Lembani m'kope ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Mtima umakumbukira tsiku limene mudapambana n'kuiwala masiku 30 amene mudaluza, koma kope siliiwala. K500 patsiku ndi K182,500 pachaka. Funsani mtengo wa thumba la feteleza lero, muwerengere nokha.

Chenjezo lapadera lipite ku nyengo yokolola. Kuyambira mu Epulo, msika wa fodya ukatsegulidwa ndipo soya ndi mtedza zikayamba kugulidwa, ndalama ya chaka chonse imafika pakamodzi. Mlimi wanzeru amayamba wapatula ya zipangizo za ulimi ndi ya fizi ya mu Sepitembala, isanagone m'foni ngakhale usiku umodzi.

4. Pamene juga yasanduka matenda

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera vuto la juga m'gulu la matenda a chizolowezi, pafupi ndi uchidakwa. Limatchula zizindikiro zikuluzikulu zitatu: munthu amalephera kudziletsa, juga imakhala patsogolo pa zina zonse za moyo wake, ndipo amapitiriza ngakhale akuona kuti zinthu zikuonongeka.

Pakhomo zimaoneka motere. Munthu amabetcha ndalama zochulukirachulukira kuti amve kukoma kumene ankamva poyamba. Amanama za kumene ndalama zapita. Wayesapo kusiya koma wabwereranso. Katundu wa m'nyumba amasowa mmodzimmodzi. Kumunda kapena kusukulu sakuonekanso bwino. Foni ikakhala yopanda ndalama amakhala waukali, ndipo usiku sagona. Wokhala ndi zizindikiro zingapo mwa izi sadalodzedwe, ndipo si munthu wotayika. Akudwala, ndipo matendawa amachizika.

Choopsa kwambiri ndi manyazi. Woledzera amaonekera pamsewu, koma wa juga ya m'foni amavutika payekha mpaka ngongole zitamufika m'khosi. Ena amafika poganiza zodzichotsera moyo. Wachibale akayamba kulankhula mawu otsanzika, kapena akuti kuli bwino kufa, musamusiye yekha ndipo musadikire mawa. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo. Ngongole ili ndi njira yoithetsera. Moyo ulibe wina.

5. Udindo wa banja

Lankhulani naye pamalo oduka mphepo, iye ali bwinobwino, popanda kumunyoza pamaso pa ana. Mufotokozereni zimene mwaona ndi m'mene zakhudzira banja. Musamubwezere ngongole mwakachetechete, pakuti kutero kumangomutsegulira njira yokongolanso. M'malo mwake lembani naye ngongole zonse papepala, ndipo mupite pamodzi kwa eni ndalama kukapangana kabwezedwe kake.

Kwa miyezi ingapo ndalama za pabanja zisungidwe ndi munthu wina wodalirika, mogwirizana ndi mwini wake. Apemphe kampani kuti itseke akaunti yake, achotse masewerowo m'foni, ndipo ngati n'kotheka agwiritse ntchito foni yaing'ono yopanda intaneti. Nthawi imene ankabetcha aipezere chochita: dimba, kwaya, timu ya mpira ya m'mudzi. Akagwanso kamodzi, musataye mtima. Ambiri amene adasiya adapunthwapo panjira.

Kwa abale athu otumiza ndalama kuchokera kunja, ndi bwino kulipira fizi mwachindunji kusukulu, ndi kupempha malisiti a simenti ndi malata.

6. Kokapeza thandizo

Yambirani pafupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena chipatala chapafupi monga cha Jenda, Katete kapena Embangweni, angakumvereni ndi kukutumizani koyenera. Pa chipatala chachikulu cha Mzimba pemphani kuonana ndi woona za matenda a maganizo, ndipo nenani mosabisa kuti vuto ndi juga. Ku Mzuzu kuli a Saint John of God, amene kwa zaka zambiri akhala akuthandiza anthu a m'chigawo cha kumpoto pa matenda a maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya.

Ngati juga yadzetsa nkhanza m'banja, pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya kupolisi, kapena ku ofesi ya chisamaliro cha anthu pa Boma. Nkhani yokhudza mwana ingathenso kunenedwa pa nambala yaulere ya 116. Malo obetchetsa ana kapena opanda chiphaso anenedwe kupolisi ndi ku MAGLA. Mafumu, makhansala, atsogoleri a mipingo ndi a makomiti a VDC ndi ADC aike nkhaniyi pa misonkhano yawo, ndipo asunge chinsinsi cha aliyense wobwera kudzapempha nzeru. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa chitsanzo cha K1,000 mbali ziwiri chija, ndani amene adapindula mosayang'ana zotsatira za mpira?

2. Ndi miyezi iti imene ndalama zimatayika kwambiri m'wodi mwathu, ndipo mabanja angadziteteze bwanji?

3. Gulu lathu la banki m'khonde lingadziwe bwanji kuti ngongole yapita kumene wokongola adanena?

4. Kodi m'dera lathu muli malo amene ana amabetcha? Ndani atenge gawo loyamba, ndipo liti?

5. Munthu wovutika ndi juga m'mudzi mwathu angapite kwa yani lero lino popanda kuopa kusekedwa?