Chitini Chophikira Keke ya Bowo Pakati

Chitini cha keke ya bowo ndi chiwiya chozungulira, chakuya ngati bakuli, chokhala ndi paipi yoimirira pakati pake. Keke yotuluka mmenemu imaoneka ngati nkhata yosenzera mtsuko, ndipo ikapakidwa shuga wa mtundu pamwamba imasanduka donasi lalikulu, lomwe ana amalikonda pa tsiku lawo lobadwa. Zitini zambiri zotere zimakhala za aluminiyamu, zamasentimita 22 mpaka 25 mulifupi.

Kapangidwe ka chitinichi kanachokera ku Germany ndi Austria, kumene akhala akuphika keke yotchedwa Gugelhupf kuyambira kalekale. Mu 1950, H. David Dalquist wa kampani ya Nordic Ware mumzinda wa Minneapolis ku America anapanga chitini chotere cha aluminiyamu nachitcha Bundt. Malonda ake anayenda mwapendapenda mpaka mu 1966, pamene keke yophikidwa m'chitini chotere inatenga malo achiwiri pa mpikisano wa kampani ya Pillsbury.

Bowolo si lokongoletsa chabe. Keke yaikulu yophikidwa m'chitini wamba imapsa kuyambira m'mbali kulowa mkati, ndiye nthawi zambiri m'mbali mumapserera pakati pakadali phala. Paipi ija imalowetsa kutentha pakati penipeni, kotero keke imapsa kuchokera mbali ziwiri nthawi imodzi. Ubwino umenewu umaonekera kwambiri pamene moto ndi wovuta kuuyeza, monga pambaula. M'dera la Airport ku Livingstone m'dziko la Zambia, kufupi ndi bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula, mabanja ambiri amasunga mbaula ngakhale ali ndi sitovu. Mu 2024 madzi atachepa m'damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi maola ochuluka pa tsiku, ndipo uvuni ya magetsi inangokhala ngati kabati. Tsiku lobadwa la mwana silidikira kuti malaiti abwere.

Amene alibe chitinichi angathe kuchipanga. Chitini chopanda kanthu cha jamu kapena cha nyemba chimachotsedwa pepala, kutsukidwa, kuthiridwa timiyala kuti chisasunthe, kenaka kuimikidwa pakati pa chitini wamba cha keke kapena sefuliya yosaya. Zitini zofewa za silikoni n'zoyenera mu uvuni mokha, osati pafupi ndi makala.

Chitini cha masentimita 24 chimafuna makapu 3 a fulawa, kapu imodzi ndi theka ya shuga, magalamu 250 a majarini, mazira 4, kapu imodzi ya mkaka, masupuni aang'ono 3 a baking powder ndi kamchere kotsina ndi zala. Majarini ndi shuga zimatakasidwa ndi mthiko kufikira zitayera n'kukhala wofuwofu. Mazira amalowa limodzilimodzi. Fulawa wosefedwa pamodzi ndi baking powder amathiridwa pang'onopang'ono mosinthana ndi mkaka, ndipo akangosakanikirana kutakasa kumalekeka, chifukwa kupitiriza kumalimbitsa keke ngati buledi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pokonza chitini. Keke ya mtundu uwu imakhudza chitsulo malo ambiri kuposa keke wamba, motero imamatirira msanga, makamaka kuzungulira paipi. Majarini ayenera kupakidwa ndi chala paliponse, m'makwinya monse ndi paipi yomwe, kenaka kuwaza fulawa ndi kugogoda chitini chozondotsa kuti wotsala agwe. Pakatsala kamalo kowala kopanda fulawa, pamenepo ndi pomwe keke idzang'ambikire. Zosakanizazo zisapitirire magawo awiri mwa atatu a chitini, pakuti keke imafufuma.

Mu uvuni ya magetsi kapena ya gasi, keke imapsa pa madigiri 180 kwa mphindi 45 mpaka 55. Pambaula njira yake ndi yofanana ndi yophikira chigumu, moto pansi ndi pamwamba. M'poto wamkulu mumathiridwa mchenga wouma, wakuya ngati zala ziwiri, ndipo mchenga si wosowa mu Livingstone. Poto amatenthetsedwa wovundikira kwa mphindi 15, chitini n'kukhazikidwa pamchengapo osakhudza m'mbali. Pa chivundikiro, kapena pa kachidutswa ka lata, pamaikidwa makala oyaka, omwe ku Zambia ambiri amati malasha. A pamwamba achuluke kuposa a pansi. M'mbaula mutsale ochepa okutidwa ndi phulusa. Poto asavundukulidwe mphindi 30 zoyambirira, chifukwa mphepo ikalowa keke imaphwa. Kamtengo koyera kakabayidwa n'kutuluka kouma, keke yapsa. Mbaula iyake panja kapena pakhonde: utsi wa makala, ngakhale suoneka, umapha m'nyumba yotseka.

Keke ikaphulidwa imasiyidwa m'chitini mphindi 10 kapena 15. Kuitulutsa msanga imasweka, kuichedwetsa imamatirira. Mpeni wopyapyala umayendetsedwa m'mbali ndi kuzungulira paipi, mbale n'kuvundikira pamwamba, zonse n'kutembenuzidwa kamodzi. Mbali yomwe inali pansi ndiyo imakhala pamwamba, yozungulira bwino. Wofuna donasi lathunthu amaphika makeke awiri, n'kuwalumikiza ndi jamu mbali zawo zophwatalala.

Chopaka pamwamba ndi makapu 2 a icing sugar osungunulidwa ndi masupuni aakulu 3 kapena 4 a mkaka kapena madzi a mandimu, ndi dontho la mtundu wa zakudya kapena supuni ya koko. Chimathiridwa keke itazizira, n'kumayenderera chokha m'mbali, ndipo timaswiti tamitundumitundu timawazidwa chisanaume. Chopaka cha batala n'chokoma, koma mu Okutobala, pamene kutentha ku Livingstone kumaposa madigiri 30, chimasungunuka alendo asanafike. Cha shuga chimauma n'kukhala momwemo. Makandulo amabayidwa mozungulira nkhatayo, ndipo ena amadzaza bowolo ndi maswiti.

Chitini chimatsukidwa ndi madzi ofunda, sopo ndi kansalu. Waya wotsukira mapoto kapena mchenga zimakanda mkati mwake, ndipo m'mikwingwirima imeneyo ndi momwe keke yotsatira imagwira. Chiumitsidwe bwino chisanasungidwe. Keke ya chitini cha masentimita 24 imatuluka zidutswa 12 mpaka 16, ndipo yovundikiridwa pamalo ozizira imakhala bwino masiku awiri kapena atatu.