Theka, kota ndi magawo ena: masamu a kumunda ndi pakhomo

Alimi anzathu, masamu amene ana kusukulu amawatcha mafulakishoni inu mumawachita tsiku ndi tsiku. Lamulo lake ndi limodzi: magawo akhale ofanana. Anthu awiri akagawana thumba la feteleza poyerekeza ndi maso, wina n'kutenga wochulukirapo, pamenepo palibe amene watenga theka.

Poyeza mizere ndi mapando

Pa kabzalidwe ka Sasakawa, mizere imatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, ndipo paphando pamalowa mbewu imodzi. Mita imodzi ndi masentimita 100. Choncho 25 ndi kota ya mita, pamene 75 ndi makota atatu. Bwerekani tepi kamodzi kokha, mudule chingwe cha mita imodzi. Chipindeni pawiri, kenaka muchipindenso: mwapeza muyeso wa mapando. Dulani kamtengo kotalika chimodzimodzi. Mukakagoneka katatu motsatizana, mwapeza mpata wa mizere.

Pothira feteleza

Eka imodzi ya chimanga imafuna thumba la makilogalamu 50 la NPK wokulitsa ndi thumba lina la Urea wobereketsa. Ngati munda wanu ndi theka la eka, tengani makilogalamu 25 a mtundu uliwonse. Ngati ndi kota, makilogalamu 12 ndi theka. Mukamagawana thumba ndi mnzanu, pitani pa sikelo. Apa ndi pamene mabanja ambiri amaluza: feteleza wa theka la eka amamwazidwa munda wonse, chimanga n'kukula chachikasu, ndalama n'kupita pachabe. Ndi bwino kuthira mokwanira pandime yochepa.

Chenjeraninso ndi malangizo olembedwa m'mahekitala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Choncho pa muyeso wa hekitala, eka yanu imatenga magawo awiri mwa asanu, osati theka.

Pokonza ufa wa phala la ana

Ufa wonga wa Likuni Phala umapangidwa ndi miyeso inayi ya chimanga ndi muyeso umodzi wa soya wokazinga. Miyeso yonse ndi isanu, ndiye kuti soya ndi gawo limodzi mwa asanu. Pa makilogalamu 10 a ufa, 8 akhale a chimanga, 2 a soya. Kapu yoyezera ikhale imodzimodzi, yodzaza mofanana nthawi zonse.

Mwana akatsegula m'mimba

Paketi imodzi ya Thanzi ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mukaithira mu theka la lita, mchere umachuluka kawiri ndipo ungamupweteke mwana. Mabotolo awiri a theka la lita ndiwo lita imodzi. Yezani bwino, mum'mwetse pang'onopang'ono, ndipo mupite naye kuchipatala.

Mukakayika pa muyeso uliwonse, funsani mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo wa m'dera lanu musanathire.